Ndinasiya jimu mu Meyi koma akundidulabe, ndipo akuti ndilipire R7,200 kuti nditulukemo

Funso: Ndine Mmalawi, ndimakhala ku Rosettenville, ku Joni kuno ku South Africa, ndimagwira ntchito m'khitchini pa lesitilanti ina. Mu Febuluwale ndinasaina kontirakiti ya miyezi 24 pa jimu ina ya mu mall, R450 pamwezi, chifukwa ankati mwezi umenewo kulembetsa n'kwaulere. Mu Meyi abwana anandisamutsira ku nthambi ya ku Fourways, ndipo ndi mataxi awiri popita, awiri pobwera, nthawi ya jimu inatheratu. Ndinakauza mtsikana wa pa resepishoni kuti ndasiya, iye anati chabwino. Koma ndalama anapitiriza kudula. Mu Ogasiti ndi Seputembala ndinazibweza pa app ya banki. Tsopano mu Okutobala akunditumizira ma SMS oti dzina langa alipereka kwa otolera ngongole, ndipo manejala akuti ngati ndikufuna kutuluka ndilipire R7,200 ya miyezi 16 yotsala. Mu Disembala ndikufuna kupita kumudzi ku Mangochi. Kodi angandigwire pa boda ya Beitbridge? Ndine wa pasipoti, ndiye ndikuopa kulimbana nawo.

Yankho: Achimwene, ndiyambire kumene kukukusowetsani tulo. Pa Beitbridge akafuna pasipoti yanu ndi masiku anu, za jimu sakazidziwa n'komwe. Ngongole ya jimu ndi nkhani ya inu ndi kampaniyo, si mlandu wa apolisi, ndipo kuno munthu satsekeredwa chifukwa cholephera kubweza ngongole. Khoti la Constitutional Court linathetsa zimenezo mu 1995, pa mlandu wa Coetzee. Otolera ngongole ena amadziwa kuti ife a pasipoti timanjenjemera tikangomva mawu oti Home Affairs, unduna woona za mapasipoti ndi olowa m'dziko, ndiye amawatchula dala. Mphamvu imeneyo alibe. Kaguleni tikiti yanu ya basi ku Park Station mtima uli m'malo.

Koma pa nkhaniyi inunso mwadzikola pawiri, ndipo ndikuuzani mosapsatira kuti mudziwe pomasula.

Tsiku lija munasaina mu Febuluwale munasaina zinthu ziwiri, ngakhale mwina zonse zinali pa tabuleti imodzi, wogulitsayo akungokulozerani pokhwatcha ndi chala. Choyamba ndi kontirakiti, lonjezo lanu loti muzilipira R450 mwezi uliwonse kwa miyezi 24, kaya mwapita kukanyamula zitsulo kaya mwagona kunyumba. Chachiwiri ndi chilolezo choti kampaniyo izitapa ndalamazo mu akaunti yanu, chimene kuno timangochitcha debit order. Banki imadziwa chachiwirichi chokha. Kontirakitiyo sinaione, ndipo singaithetse. Ndiye pamene munkabweza ndalama pa app mu Ogasiti ndi Seputembala, munkangosadza mphukira, chitsa chili chikhalire pansi. M'mabuku a jimu ndinu membala mpaka lero, membala wa ngongole ya miyezi iwiri. Ma SMS aja achokera pamenepo.

Kwina kumene munadzikola ndi pa resepishoni paja. Sindikunena kuti mtsikanayo anakunamizani. Mwina chabwino wakeyo unali ulemu chabe, mwina anaiwala shifiti itatha, mwinanso pano anasiya ntchito. Kwathu mawu apakamwa pamaso pa mboni amamanga munthu, amfumu akhoza kuweruzirapo ngakhale mlandu wa malire a munda. Kuno kampani imamva pepala basi, ndipo lamulo nalonso limati notisi ikhale yolembedwa kapena yosungidwa mwa njira yoti mawa ikhoza kuonetsedwa. Choncho fufuzani m'foni mwanumo. Ngati mu Meyi munatumizako WhatsApp kapena imelo kwa amene anakulembetsani uja yonena kuti mwasiya, isungeni ngati mbewu, chifukwa masiku anu akhoza kuwerengedwa kuchokera pamenepo, ndipo ndalama za miyezi yotsatirayo zikhala zoti iwo ayankhe. Ngati mulibe kalikonse, tiyambira lero.

Lamulo ndikunenali ndi Consumer Protection Act, nambala 68 ya 2008, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2011. Limateteza wogula aliyense. Silifunsa ngati muli ndi ID ya dziko lino, pasipoti kapena pepala la asylum. Jimu inalandira ndalama yanu ngati ya munthu wina aliyense, ndiye lamulo likukuonaninso chimodzimodzi. Gawo 14 la lamuloli ndi la makontirakiti a nthawi yoikika ngati yanuyi, ndipo limanena kuti wogula akhoza kuthetsa kontirakiti nthawi ina iliyonse, popereka notisi ya masiku 20 a ntchito, zivute zitani zimene zalembedwa mu kontirakitimo. Simukakamizidwa kupereka chifukwa. Kaya mwasamuka, kaya bondo likupweteka, kaya mwangotopa nazo, khomo ndi lomwelo. Makontirakiti otere sayeneranso kupitirira miyezi 24 pokhapokha wogula atavomera yekha ndipo kampani itaonetsa phindu limene wogulayo akupezapo. Yanuyi anaifikitsa kumapeto kwenikweni kwa chingwe.

Masiku a ntchito amawerengedwa mochotsa Loweruka, Lamulungu ndi maholide a boma, ndipo tsiku limene mwapereka kalatalo siliwerengedwa. Mu Okutobala ndi Novembala kalendala ya kuno ilibe maholide a chaka ndi chaka, ndiye masiku 20 ndi masabata anayi ndendende. Mukapereka pakati pa Okutobala, pakati pa Novembala mwatuluka. Mukazengereza mpaka Disembala zinthu zimatalika, chifukwa pali pa 16, pa 25, pa 26 ndi pa 1 Januwale. Amene anapereka notisi Lolemba pa 1 Disembala 2025, masiku ake anakwana pa 2 Januwale 2026, ndiye kuti ndalama ya Januwale inam'pezabe. Ichi ndi chifukwa chake ndikuti sabata ino.

Tsopano za ndalama, pamene pagona nkhani. Lamulo limati mukathetsa kontirakiti mulipirabe zonse zimene munayenera kulipira mpaka tsiku lothetsalo. Apa palibe pozembera: R900 ya miyezi iwiri munabweza ija, R450 ya Okutobala, ndi ya Novembala, yonse kapena gawo lake. Tingoti R1,800. Kuti simunapondeko kuyambira Meyi sizichotsa kanthu, chifukwa chimene ankakugulitsani ndi chilolezo cholowa, ndipo geti linali lotsegula masiku onsewa. Zimapweteka, ndikudziwa. R1,800 pa Mukuru ndi matumba a feteleza kumudzi.

Pamwamba pa zimenezo kampani imaloledwa kukulipiritsani chindapusa, koma lamulo linaikapo mawu amodzi amene manejala wanuyo wawalumpha: chindapusacho chikhale choyenerera. Malamulo aang'ono otsagana ndi lamuloli, pa Regulation 5, amatchula zoyenera kuyang'ana. Kontirakiti inali yaitali bwanji, wogula wapezapo phindu lanji kapena wataya chiyani, wapereka notisi ya masiku angati, pali katundu amene watsala naye m'manja, kampani ikhoza kupeza kasitomala wina mosavuta bwanji, nanga makampani ena a ntchito yomweyo amachita bwanji. Kenaka pali chiganizo chimene ndikufuna muchiloweze: kampani siyenera kulipiritsa ndalama imene ikufafaniza ufulu wa wogula wothetsa kontirakiti. Tawerengani nokha. Miyezi 16 kuchulukitsa ndi R450 ndi R7,200, ndalama yomweyo imene mukanalipira mutakhala membala mpaka kumapeto. Munthu akakuuzani kuti khomo n'lotsegula koma potuluka mulipire lendi ya nyumba yonse mpaka chaka chamawa, khomo limenelo n'lotseka. Chindapusa chotero sichingaime pamaso pa aliyense wodziwa lamuloli, ndipo ku likulu la kampaniyo akudziwa zimenezi ngakhale manejala wa pa nthambi atakhala kuti sakudziwa, kapena akunamizira kusadziwa.

Mudzamva anzanu mu taxi akunena kuti lamulo linati 10 peresenti ya ndalama zotsala. Nambala imeneyo m'lamulomo mulibe. Lamulo silinaike peresenti iliyonse, ndipo ichi ndi chimene chimapatsa makampani mpata woyamba ndi mtengo wokwera ngati wa pa kaunjika, kudikira kuti aone ngati munenerera. Ndiye nenererani, koma ndi mfundo. Funsani kuti akulembereni mmene afikira pa nambala yawo. Maganizo anga ndi oti poyambira pachilungamo ndi zimene anakupatsani chifukwa choti munalonjeza miyezi 24. Ndalama yolembetsera imene anakukhululukirani ija akhoza kuifuna. Chikwama, botolo kapena wotchi ngati anakupatsani, akhoza kuwerengera mtengo wake. Ndiponso mtengo wa miyezi 24 nthawi zambiri umakhala wotsika kuposa wa mwezi ndi mwezi, ndiye akhoza kufuna kusiyana kwake. Tingoyerekeza kuti wa mwezi ndi mwezi unali R550: kusiyana ndi R100, miyezi yanu kuyambira Febuluwale mpaka Novembala ndi 10, ndiye R1,000. Nambala yotere munthu akhoza kuifotokoza. Koma jimu si nyumba ya lendi imene imakhala yopanda munthu mukatuluka. Makina amene simukuthamangapowo akuthamangapo ena, ndipo Januwale akubwerayu mzere wa olembetsa udzafika pa khomo. Mfundo imeneyi ilembeni, chifukwa ikugwirizana ndi zija za kupeza kasitomala wina.

Tsegulaninso kontirakiti yanu muone chimene inalemba pa za chindapusa. Ngati mulibe kope, ifunseni, ndi yanu. Nthawi zina mupeza kuti kontirakitiyo payokha ikutchula nambala yotsika kuposa imene manejala wakuuzani pakamwa.

Kalatayo lembani m'Chingerezi chosavuta, mizere yochepa, osakalipa. Muikemo dzina lanu monga lilili pa pasipoti, nambala ya umembala, nthambi imene munalembetsa, ndi deti la tsikulo. Munene kuti mukuthetsa kontirakiti motsatira section 14 ya Consumer Protection Act, popereka notisi ya 20 business days, ndipo mutchule deti limene masikuwo akukwana. Muonjezere kuti kuyambira deti limenelo mukuchotsa chilolezo chotapa ndalama mu akaunti yanu. Mupemphe sitetimenti ya zonse zimene akuti muli nazo, ndi kafotokozedwe ka chindapusa. Munenenso kuti mu Meyi munadziwitsa a pa resepishoni ndipo kuyambira pamenepo simunalowemo. Kompyuta yawo ya pa geti ikuchitirani umboni, ndipo ngakhale izi sizithetsa ngongole, zimathandiza ponenerera. Za R7,200 lembani kuti simukugwirizana nayo. Tumizani pa imelo ya ku likulu imene ili mu kontirakiti, ndi ya pa nthambi. Kenaka sindikizani makope awiri pa internet cafe, mupite nawo tsiku lanu la off, wina asiye dzina lake, siginecha, deti ndi chidindo pa kope yanu. Akakana kusaina, lembani nokha dzina la amene wakanayo ndi nthawi, mujambule kalatayo ili pa kauntala pawo. Akakupatsani fomu yawo dzazani, palibe vuto, koma muijambule musanaipereke, ndipo muwerenge kaye ngati sakukusainitsani kuti mwavomera chindapusa chawo. Mukaimba foni, musadule musanalandire reference number.

Mwina adzakuuzani kuti sangathetse kontirakiti mpaka mutalipira zonse. Gawo 14 silinena zimenezo. Notisi imayamba kuwerenga ikangofika kwa iwo, ndipo ndalama zotsala ndi nkhani ina yokambirana pambali. Mukalola kuti azimangirire pamodzi, mwezi uliwonse wa mkangano uzibala R450 ina.

Adzakunyengereraninso ndi zina: kuimitsa kaye umembala kwa miyezi ingapo, kukutsitsirani pa mtengo wotchipa, kapena kukusamutsirani ku nthambi ya pafupi ndi ntchito. Ngati ali ndi nthambi ku Fourways ndipo mtima wa jimu ukadalipo, kusamukako n'kwanzeru kuposa kulipira chindapusa. Koma kuimitsa kaye nthawi zambiri kumangokankhira kutsogolo tsiku lothera, ndipo kusintha phukusi kukhoza kuyambitsa miyezi 24 yatsopano. Funsani funso limodzi musanavomere chilichonse, kuti kontirakiti idzatha liti, ndipo yankho likhale lolembedwa. Chikomekome cha mkuyu chinakupezani kale kamodzi mu Febuluwale.

Tibwerere ku banki. Njira zodulira ndalama mwezi ndi mwezi zilipo zingapo, ndipo zimasiyana pozimitsa. Pali debit order yakale, imene kampani imangotumiza ku banki n'kunena kuti ili ndi chilolezo chanu. Imeneyi ndi imene imabwezeka mosavuta pa app, ndipo poti inu mwabweza kawiri popanda vuto, ndikuganiza yanu ndi imeneyi. Pali DebiCheck, imene inabwera pansi pa Reserve Bank ndi bungwe la PASA loona za njira zolipirira n'kulowa m'malo mwa njira zakale zodula msanga mu 2021. Pa DebiCheck inu mumavomereza nokha ku banki yanu, pa app, pa foni kapena pa kamakina ndi PIN, ndipo banki imasunga kuchuluka kwa ndalama ndi tsiku lodula. Akadula mogwirizana ndi zimene munavomerezazo simungabweze mwachisawawa, koma mukhoza kuimitsa chilolezocho kuti asadulenso kutsogolo. Ndiye pali kudula pa khadi, monga zimachitikira ndi Netflix kapena Spotify, pamene munapereka manambala a khadi lanu. Imeneyi sioneka pa mndandanda wa ma debit order, ndipo imathetsedwa kwa wogulitsayo. Ine ndemwe ndinalipira miyezi isanu pulogalamu ina ya pa foni imene ndinangoiyesa sabata imodzi yaulere. Ndinkafufuza pa ma debit order osapeza kanthu, ndalama ikutuluka ndi pa khadi.

Dongosolo lake ndi ili. Lolani ya Okutobala ndi ya Novembala zidutse, kapena lipirani nokha n'kusunga malisiti. Deti lija likakwana, pitani pa app kapena ku nthambi ya banki, kaya ndi Capitec, FNB, Absa, Nedbank kaya Standard Bank, mukaimitse debit order imeneyo. Ikadzadutsabe pambuyo pake, pamenepo bwezani ndi mtima woyera, chifukwa chilolezo munachichotsa ndipo pepala muli nalo. Bwezani sabata yomweyo, poti mabanki ali ndi malire a masiku obwezera. Muziyang'ananso sitetimenti kwa miyezi itatu, chifukwa kuimitsa kumagwira dzina ndi nambala imene kampani inkagwiritsa ntchito, ndipo ikasintha pang'ono ndalama imadutsanso.

Nzeru ina imene yafala pakati pathu ndikuipempha kuti muisiye: kutapa malipiro onse pa ATM usiku wa pay day kuti debit order ikapeze mu akaunti muli mbee. Banki imakulipiritsani pa debit order iliyonse yobwerera, ndipo kampani ikhoza kumayesabe masiku otsatira mpaka itapezamo kanthu. Choopsa kwambiri n'choti mu akaunti yomweyo mumadutsanso zina. Ambirife tili ndi inshulansi ya maliro, ija yonyamula thupi kupita kumudzi. Inshulansi ili ndi malamulo akeake, gawo 14 siliikhudza, ndipo ndalama yake ikabwerera kangapo polise, ndiye kuti inshulansiyo, imafa. Ndaonapo banja likuyenda ndi mbale m'tchalitchi kusonkhetsa za mayendedwe a maliro, chifukwa malemu ankathawa ngongole yaing'ono n'kupha nayo limodzi polise imene analipira zaka. Kutseka akaunti kapena kusamukira ku banki ina nakonso sikuzula chitsa chija.

Za otolera ngongole. Choyamba tsimikizani ku jimu kuti anaperekadi dzina lanu, ndipo kwa ndani, chifukwa ma SMS achinyengo okhala ndi nambala ya akaunti ndi ochuluka. Wotolera ngongole weniweni amayenera kukhala wolembetsedwa ku Council for Debt Collectors, motsatira lamulo la 1998, ndipo mukhoza kum'funsa nambala yake yolembetsera. Malamulo awo sawalola kukuopsezani, kukuimbirani Lamulungu, kapena kukuimbirani pakati pa 9 koloko usiku ndi 6 koloko m'mawa, ndipo ndalama zimene amaonjezera pa ngongole zili ndi malire. Atumizireni kope ya kalata yanu, muwauze kuti R900 mukuidziwa koma R7,200 mukuitsutsa, ndipo zonse zizikhala pa imelo. Musavomere pa foni nambala imene simunaione pa pepala, chifukwa mafoni awo amajambula mawu. Malipiro anu ku ntchito sangawagwire popanda chigamulo cha khoti. Pepala lokhalo limene simuyenera kuliponya pansi pa matilesi ndi samani yobwera ndi sheriff, mtumiki wa khoti. Likabwera muli ndi masiku 10 a khoti odziwitsa kuti mudziteteza, ndipo mukakhala chete chigamulo chimaperekedwa inu kulibe.

Chimene angakupwetekeni nacho kwenikweni ndi dzina lanu ku credit bureau, makampani osunga mbiri ya ngongole za anthu, monga TransUnion, Experian kapena XDS. Mwina lero mukuti zilibe kanthu, koma tsiku lofuna flat kudzera kwa agent, kapena foni ya kontirakiti, amayang'ana kumeneko. Pansi pa National Credit Act ya 2005, asanakulembeni zoipa amayenera kukuchenjezani masiku 20 a ntchito, muli ndi ufulu woona lipoti lanu kwaulere kamodzi pachaka ku bureau iliyonse, ndipo mukatsutsa chimene chalembedwa bureau ili ndi masiku 20 a ntchito oti ifufuze. Mukamaliza kulipira zimene mwagwirizana, musachoke opanda kalata yonena kuti akaunti yatsekedwa ndipo mulibe ngongole. Imeneyo amaitcha paid-up letter.

Wina adzakuuzani kuti ingokhalani chete, ngongoleyo ifa yokha. Pali choona pang'ono. Kwathu timati mlandu suwola, koma kuno ngongole wamba imawola pakatha zaka zitatu, motsatira Prescription Act ya 1969, ngati simunaivomere, simunalipireko kalikonse, ndipo samani sinakufikeni. Izi zimathandiza munthu amene akuimbiridwa za jimu ya zaka zisanu zapitazo. Inu sizikuthandizani, chifukwa kontirakiti yanu ikadali yamoyo ndipo mwezi uliwonse ikubala ngongole yatsopano.

Akakana kumva, kapena akangoti zii, kokadandaula kulipo ndipo n'kwaulere. Consumer Goods and Services Ombud, mkhalapakati wa ogula ndi makampani, amene ofesi yake ili ku Randburg, amalandira madandaulo a makontirakiti a jimu, ndipo mukhoza kudandaula pa intaneti osapitako. Amafuna kuona kuti munayamba mwadandaula ku kampaniyo n'kuipatsa masiku 15 a ntchito, ndiye kalata yanu ya chidindo ija ndi tikiti yolowera. Pamwamba pake pali National Consumer Commission, ndiponso boma la Gauteng lili ndi ofesi yake yoona za ogula. Vuto likakhala la banki kapena la credit bureau, pitani ku National Financial Ombud Scheme, imene inayamba mu Malichi 2024 ataphatikiza maofesi akale a mabanki, ngongole ndi inshulansi. Ngati anakudulani ndalama kontirakiti itatha kale n'kukana kubweza, Small Claims Court imamva milandu yotere popanda loya, ndipo mu 2019 malire ake anafika pa R20,000. Kunena zoona, nkhani zambiri zimene ndaziona sizifika kutali chonchi. Imelo yotchula section 14 ndi dzina la Ombud ikafika ku likulu, nambala imatsika.

Pali zinthu ziwiri zimene sizikukhudzani lero koma zikhudza ena amene akuwerenga. Anthu ambiri amaganiza kuti miyezi 24 ikakwana kontirakiti imafa yokha. Ayi. Kampani imayenera kukukumbutsani molemba, pakati pa masiku 80 ndi 40 a ntchito tsiku lothera lisanafike, ndipo mukapanda kuyankha kontirakiti imapitirira mwezi ndi mwezi. Sangakumangeni miyezi 24 ina popanda inu kuvomera, koma ndalama azidulabe mpaka mutalemba. Zimenezi n'chimodzimodzi pa kontirakiti ya foni, ya intaneti ya m'nyumba, ngakhale ya alamu. China ndi masiku asanu osinthira maganizo a pa gawo 16. Amagwira ntchito pokhapokha ngati kampani ndi imene inakutsatani, pa foni, pa SMS kapena pamaso, n'kukugulitsani. Pamenepo mukhoza kubweza mawu pasanathe masiku asanu a ntchito popanda chindapusa, ndipo ndalama yanu ibwerere pasanathe masiku 15 a ntchito. Amene analowa yekha pa khomo la jimu kukafunsa mtengo asadalire zimenezi.

Inuyo achimwene, kalata ipite sabata ino kuti pofika pakati pa Novembala mukhale mutatuluka, ndipo mutsale ndi masabata angapo okanganirana za chindapusa musanakwere basi. Ngati mkanganowo sunathe pofika tsiku la ulendo, pitani ndithu, imelo imawerengeka ku Mangochi. Makope a zonse muwasunge pa imelo, osati m'foni mokha, poti mafoni amasowa pa ulendo wa masiku awiri. Ndipo musananyamuke tsegulitsani roaming pa SIM yanu ya kuno, chifukwa mauthenga a banki amapita pa nambala imeneyo. Pa tsiku limene amadulira, mu Disembala ndi mu Januwale, tsegulani app muone. Mukaona R450 yatuluka, bwezani tsiku lomwelo, mujambule, mutumize ku likulu lawo pamodzi ndi kope ija ya chidindo.